Nkhanu ya miyendo italiitali ya ku Japan: mafunso ndi mayankho pa dzina lake ndi mtundu wake

Chithunzi chake chimabwerabwera pa WhatsApp: munthu atanyamula chinkhanu chofiirira chomwe miyendo yake yatambalala kuposa msinkhu wa mwini wakeyo. Funso loyamba limakhala lakuti kodi si zopanga pa kompyuta izi. Ayi, nkhanuyo ilipodi. Anthu akamva zimenezo, mafunso amatembenukira ku dzina lake lovuta kutchula lija, ndipo ndi amenewo tawasonkhanitsa pano.

Kodi ndi nkhanu kapena kangaude?

Ndi nkhanu, ndipo kangaude alibe nayo gawo. Azungu anaitcha spider crab chifukwa cha maonekedwe basi: thupi lobulungira pakati, miyendo yowonda italiitali mbali zonse. Mukafuna kutsimikiza, werengani miyendo. Kangaude ali nayo 8. Nkhanuyi ili nayo 10, ndiye kuti 8 yoyendera ndi iwiri yakutsogolo yomwe ndi manja opanira. Imapuma m'madzi ngati nkhanu ina iliyonse, ndipo ikamakula imafundula chigoba.

Imakula bwanji, ndipo imapezeka kuti?

Yamphongo yokhwima ikatambasula manja, kuchokera kunsonga ya dzanja lina kufika kunsonga ya linzake pamatha kukwana mamita 3.7. Pa zamoyo zonse za chigoba ndi miyendo ya mfundomfundo, palibe china chotambalala chotere. Thupi lenilenilo silifika patali, chigoba chake chimathera pa masentimita 40, ndipo kulemera kumatha kufika makilogalamu 19. Yaikazi manja ake ndi aafupi.

Kwawo ndi m'nyanja ya Pacific chakum'mwera kwa zilumba za Japan, kuyambira cha ku Tokyo Bay kutsikira ku Kagoshima, ndipo zina zinapezekapo kufupi ndi Taiwan. Imakhala pansi pa nyanja, kuyambira mamita 50 mpaka 600. Poyerekeza, malo akuya kwambiri a nyanja ya Malawi ndi mamita pafupifupi 700. Asodzi amaikoka kwambiri ku Suruga Bay, ndipo mudzi wa Heda umadziwika nayo: kumeneko amaiphika, chigoba n'kuchijambula nkhope yoopsa, kuchipachika pakhomo kuti chizithamangitsa zoipa.

Dzina lake lenileni ndi liti?

Zitengera mukufunsa ndani. Msodzi wa ku Heda adzakuuzani kuti ndi takaashigani, kutanthauza nkhanu ya miyendo italiitali. Pa Chingerezi amati Japanese spider crab. Dzina lomwe akatswiri a mayiko onse amagwirizanapo ndi ili: Macrocheira kaempferi (Temminck, 1836).

Mzere umenewu uli ndi zinthu zinayi. Liwu loyamba lili ngati mfunda, lija akatswiri amati genus. Monga a Phiri amakhala ambiri, zamoyo zingapo zapachibale zimatha kugawana mfunda umodzi. Liwu lachiwiri ndi la mtundu umenewu wokha. Kenaka pakubwera dzina la munthu amene anayamba kuulongosola m'buku, ndi chaka chimene anatero. Ngakhale mabulaketiwo ali ndi ntchito, ndipo tawapatsa funso lawolawo m'munsimu.

Mawu akuti Macrocheira kaempferi amatanthauza chiyani?

Macrocheira ndi mawu awiri a Chigiriki olumikizidwa: makros, chachitali kapena chachikulu, ndi cheir, dzanja. Tingoti Manjaatali. Taonani kuti Ajapani anayang'ana miyendo, pamene wopereka dzina la sayansi anayang'ana manja opanira a yamphongo.

Kaempferi ndi dzina la munthu, Engelbert Kaempfer, lowonjezeredwa i kumapeto. M'Chilatini i ameneyo amatanthauza "ya", choncho dzina lonse likuti Manjaatali ya Kaempfer. Akanakhala kuti wolemekezedwayo ndi mayi, kumapeto kukanakhala ae. Potchula, ch amamveka ngati k, ndipo ae amamveka ngati e: makrokeira kempferi.

Ndiye kuti Kaempfer ndi amene anaitulukira?

Ayi. Kaempfer anamwalira mu 1716, zaka 120 dzinali lisanaperekedwe. Anali dokotala wa ku Germany, wobadwira ku Lemgo mu 1651, yemwe anagwira ntchito ku kampani ya amalonda a ku Netherlands yotchedwa Dutch East India Company. Anakhala ku Japan kuyambira 1690 mpaka 1692. Nthawi imeneyo Japan inali itatseka zipata. Azungu okhawo ololedwa anali amalonda achidatchi, ndipo nawonso ankatsekeredwa pa kachilumba kochita kumanga ka Dejima, ku Nagasaki. Ali m'khola lotere, Kaempfer analemba zambiri za zomera, nyama ndi miyambo ya dzikolo, ndipo buku lake la mbiri ya Japan linatuluka ku London mu 1727, mwini wake atagona kale. Kwa zaka zambirimbiri anthu a ku Ulaya ankaidziwa Japan kudzera mwa iyeyu. Temminck anapereka dzinali pomulemekeza. Si nkhanu yokha imene inatenga dzina lake: pali zomera zapachibale ndi jinja zomwe mfunda wake ndi Kaempferia.

Liwu loti kutulukira, kunena zoona, silikhala bwino pankhani ngati iyi. Asodzi a ku Japan ankaikoka nkhanuyi, kuidya ndi kuitchula dzina kalekale mzungu asanaione. N'chimodzimodzi ndi nkhani ija yakuti Livingstone anatulukira nyanja mu 1859 pamene anthu anali kuwedzamo kale. Chimene chinachitika mu 1836 n'chakuti nkhanuyi inalowa m'kaundula wa sayansi, ndipo kaundulayo anasunga mayina a azungu okhaokha. Msodzi amene anavuula nkhanu yoyamba kupita ku Ulaya sanalembedwe pamzere uja.

Nanga Temminck anaipeza bwanji, popeza ankakhala ku Netherlands?

Anailandira itauma kale. Coenraad Jacob Temminck anali mkulu woyamba wa nyumba yosungiramo zachilengedwe ya ku Leiden, yomwe inakhazikitsidwa mu 1820 ndipo lero ili m'manja mwa bungwe lotchedwa Naturalis. Iye kwenikweni anali katswiri wa mbalame. Wotumiza katunduyo anali dokotala winanso wa ku Germany, Philipp Franz von Siebold, amene anafika pa Dejima pomwepo mu 1823. Siebold ankaphunzitsa Ajapani zachipatala, ndipo ophunzira ake ndi anthu ena ankamubweretsera zomera ndi nyama zochokera kumadera kumene iye sankaloledwa kupondako. Mu 1829 boma la Japan linamuthamangitsa litamupeza ndi mapu a dzikolo, zomwe zinali zoletsedwa kwa mlendo. Koma mabokosi ake anafika ku Leiden.

Kuchokera m'mabokosi amenewo munatuluka mabuku otchedwa Fauna Japonica, omwe anasindikizidwa pang'onopang'ono pakati pa 1833 ndi 1850. Gawo la nkhanu analemba ndi Wilhem de Haan, wogwira ntchito m'nyumba yomweyo. Koma pa chinkhanu chachikuluchi abwana anayamba ndiwo kulemba, n'chifukwa chake dzina lili pamzere uja ndi la Temminck, osati la de Haan yemwe ankazidziwa bwino nkhanu.

Chifukwa chiyani dzina la Temminck lili m'mabulaketi?

Mabulaketi akukuuzani kuti mfunda womwe nkhanuyi ili nawo lero si umene Temminck anaipatsa. Iye anaitcha Maja kaempferi, poiphatikiza ndi nkhanu za m'nyanja za ku Ulaya za mfunda wa Maja. Mtundu ukasamutsidwa kupita ku mfunda wina, dzina la wolemba woyamba ndi chaka chake zimatsekeredwa m'mabulaketi. Ukakhala kuti sunasamukepo, mabulaketi sakhalapo.

Chitsanzo chapafupi ndi chambo. Mtundu wina wa chambo umalembedwa Oreochromis karongae (Trewavas, 1941). Ethelwynn Trewavas anautcha poyamba Tilapia karongae, kutengera dzina la Karonga, ndipo pambuyo pake unasamutsidwira ku Oreochromis. Mabulaketi ake akunena nkhani yomweyo.

Anthu ambiri okonza zolemba amawachotsa mabulaketiwa kapena kuwaika paliponse pofuna kuti mndandanda uoneke wofanana. Kutero n'kufufuta uthenga. Mukamakopera dzina la sayansi, koperani monga lilili.

Dzinali lasintha kangati?

Kawiri. Mu 1836 inali Maja kaempferi. Mu 1839 de Haan anaona kuti siyenerana ndi a Maja, n'kuisamutsira ku mfunda wa Inachus. Komabe anaona kuti ngakhale kumeneko ndi yachilendo. A Inachus ndi tinkhanu tating'ono, chigoba chake ngati ndalama yachitsulo, ndiye kuika chimphona chotere pakati pawo kunafunika chodzikhululukira. De Haan anaipangira kagulu kakekake m'kati mwa Inachus, n'kukatcha Macrocheira. Apa m'pamene liwuli linabadwira. Mu 1886 Edward J. Miers wa ku British Museum, polemba za nkhanu zomwe sitima ya HMS Challenger inasonkhanitsa paulendo wake wa 1872 mpaka 1876, anakweza kagulu kaja kukhala mfunda woima pawokha. Kuyambira pamenepo dzina ndi Macrocheira kaempferi.

Chimene sichinagwedezeke m'kusamuka konseku ndi liwu lachiwiri. Kaempferi anayenda nayo nkhanuyi kulikonse kumene inapita, ngati mwana amene wasintha mudzi kangapo koma dzina la paubwana likadali lomwelo. Chifukwa chake chili pa funso la malamulo a mayina.

Ili m'banja liti? Mabuku ena akuti Majidae, ena Inachidae, enanso Macrocheiridae.

Onsewo ananena zoona pa nthawi yawo. Kale nkhanu zonse za maonekedwe a kangaude zinkaunjikidwa m'banja limodzi lalikulu la Majidae. Banjalo litakula mopitirira, akatswiri analigawa kukhala mabanja angapo, onse pansi pa fuko limodzi lotchedwa Majoidea. Pakugawanako nkhanu ya ku Japan inagwera ku Inachidae, ndipo inakhala kumeneko zaka zambiri, koma ngati mlendo wogonera pabalaza. Mu 2022 Danièle Guinot wa ku Paris ndi anzake analemba kuti iyenera kukhala ndi banja lakelake, Macrocheiridae. Dzinalo sanalipeke iwo. Linayambira kwa katswiri wa ku America James Dwight Dana mu 1851, n'kugona m'mabuku zaka zoposa 170.

Choncho mukapeza tsamba la pa intaneti likuti Inachidae, si bodza, langotsalira m'mbuyo. Ngati ndinu wophunzira, lembani Macrocheiridae koma dziwani kuti buku la aphunzitsi anu likhoza kukhala ndi dzina lakale.

Kuchokera pamwamba, makwerero ake ali motere. Ili m'gulu la Arthropoda pamodzi ndi ziwala, zinkhanira ndi akangaude omwe. M'menemo ili mwa Crustacea, kenaka Decapoda, kutanthauza za miyendo 10, kenaka Brachyura, kutanthauza za mchira waufupi, zomwe ndi nkhanu zenizeni zopinda mchira kunsi kwa mimba. Pansi pake pakubwera Majoidea, Macrocheiridae, Macrocheira, n'kuthera pa kaempferi. Mathero a mawu amathandiza kudziwa pamene mwafika: oidea ndi fuko, idae ndi banja.

Akatswiri amayang'ana chiyani kuti anene kuti iyi si ya banja ili?

Ukulu sayang'ana n'komwe, ngakhale ndi umene umatikopa ife. Kutalika kwa miyendo nakonso kumanamiza, chifukwa nkhanu zosayandikana n'komwe zimatha kukhala ndi miyendo yowonda pokhala m'malo ofanana. 

Zimene amadalira ndi zinthu zobisika. Amaitembenuza chagada n'kuona mmene zigoba za pachifuwa zinalumikizirana. Amaona mphako za maso ndi minga yozizungulira, ndi nyanga ziwiri za pamphumi. Koposa zonse amatsegula mchira wa yamphongo n'kuona timiyendo tobereketsera tobisika pamenepo, chifukwa maumbidwe ake amasiyana mtundu ndi mtundu. Mwa nkhanu ya ku Japan timeneti ndi topotoka mwachilendo.

Umboni wina uli mwa ana. Nkhanuyi siiswa tinkhanu tofanana ndi make. Yaikazi imanyamula mazira kunsi kwa mimba, omwe amatha kufika 1.5 miliyoni, ndipo akaswa mumatuluka tizamoyo tosaoneka bwino ndi maso, ta minga italiitali, toyandama pamwamba pa nyanja. Timafundula kangapo, kudutsa misinkhu iwiri yotchedwa zoea ndi umodzi wotchedwa megalopa, tisanamire pansi kukayamba moyo wa nkhanu. Munthu amakhala pa maikulosikopu n'kumawerenga tiubweya ta pakamwa pa kanthu kochepa ngati njere ya mchenga, ndipo chiwerengerocho chimatha kuulula chibale chimene chinkhanu cha mamita atatu chikubisa. Ana a nkhanuyi ali ndi zizindikiro zosiyana ndi za ana a Inachus. Masiku ano pamwamba pa zonsezi amawonjezera DNA. Pamene maumboni atatuwa, thupi, ana ndi DNA, analoza kumodzi, m'pamene banja la Dana lija linadzutsidwa.

Kodi ili ndi abale a mfunda umodzi?

Amoyo ayi. Macrocheira lero ili ndi mtundu umodzi wokha. Abale ake amapezeka m'miyala, zigoba zomwe zinasanduka mwala zaka mamiliyoni zapitazo. Ena anafukulidwa ku Japan komweko, ena kutsidya la Pacific, ku North America. Mmodzi mwa iwo ndi Macrocheira teglandi, yemwe Mary Rathbun anamulongosola mu 1926 kuchokera m'miyala ya m'chigawo cha Washington. Zikusonyeza kuti mfundawu kale unali wofala kuposa lero.

Kodi nkhanu iliyonse yotchedwa spider crab ndi yomweyi?

Ayi, ndipo apa m'pamene dzina wamba limasocheretsa. Fuko la Majoidea lili ndi mitundu mazanamazana m'nyanja zamchere za dziko lonse. Imene amadya ku France ndi ku Spain ndi ya mfunda wa Maja, uja Temminck anayamba kuikamo ya ku Japan. Nayonso ili ndi nkhani yake: kwa nthawi yaitali ya ku Mediterranean ndi ya ku Atlantic zinkatengedwa ngati mtundu umodzi, Maja squinado, mpaka ya ku Atlantic inapatulidwa n'kubwezeredwa dzina la Maja brachydactyla. Zija mumaziona m'mavidiyo zitaunjikana zikwizikwi pansi pa nyanja pofundula, kufupi ndi Melbourne ku Australia, ndi Leptomithrax gaimardii. Zambiri za m'fukoli ndi zazing'ono, ndipo zina zimadzimata ndere ndi zomera za m'nyanja pamsana kuti adani asazione.

Chosokoneza china ndi king crab ya ku Alaska, yomwe anthu amaiphatikiza ndi ya ku Japan chifukwa nayonso ndi yaikulu, ya miyendo italiitali. Imeneyo siili n'komwe mwa Brachyura. Werengani miyendo yooneka: mupeza 8, kuphatikizapo manja, chifukwa iwiri yotsiriza ndi ing'onoing'ono ndipo imabisika m'chigoba.

Nanga nkhanu za m'mitsinje yathu ndi m'nyanja ya Malawi, pali chibale?

Chilipo koma chakutali. Zija tinkavundukula pansi pa miyala kumtsinje tili ana, n'kumathawitsa zala, ndi za banja la Potamonautidae, nkhanu za m'madzi opanda mchere za mu Africa. Zimakumana ndi ya ku Japan pa Brachyura, ndiye kuti zonse ndi nkhanu zenizeni, koma kutsika pamenepo njira zimasiyana. Kusiyana kwina kokondweretsa kuli pa kubereka. Zathuzi zilibe ana oyandama aja. Mazira ake ndi ochepa, akuluakulu, ndipo mumatuluka tinkhanu tathunthu tomwe make amatisunga kunsi kwa mimba kwa kanthawi. Mumtsinje mwana woyandama akanangokokoloka.

Ndani amaweruza mayinawa? Kodi munthu angathe kungosintha dzina lomwe sakulikonda?

Pali buku la malamulo lotchedwa International Code of Zoological Nomenclature, ndi bungwe loliyang'anira. Kuwerenga kumayambira pa 1758, chaka chimene Carl Linnaeus wa ku Sweden anatulutsa kope la nambala 10 la buku lake la Systema Naturae. Lamulo lalikulu ndi lakuti dzina loyamba kusindikizidwa moyenera ndilo limakhala. N'chifukwa chake de Haan ndi Miers anatha kusintha mfunda koma sakanakhudza kaempferi, ndiponso n'chifukwa chake a Guinot sakanapeka dzina latsopano la banja pamene la Dana linalipo kale.

Dzina silisinthidwa chifukwa chakuti n'lovuta, n'losayenera, kapena likulemekeza munthu yemwe sanachitepo kanthu. Lamuloli lili ndi nkhanza zake, koma popanda ilo mtundu umodzi ukanakhala ndi mayina khumi.

Chimene bungwelo silichita ndi kuweruza za chibale. Kunena kuti nkhanuyi ndi ya banja ili kapena ilo ndi maganizo a akatswiri, omwe amalemba umboni wawo ena n'kuvomereza kapena kutsutsa. Palibe voti kapena chidindo. Maganizo atsopano amakhazikika pamene anzawo ayamba kuwagwiritsa ntchito, ndi pamene akaundula akuluakulu monga World Register of Marine Species awalemba. Ndiye kuti banja likhoza kusinthanso mtsogolo muno, kaempferi ali chikhalire.

Ndilembe bwanji dzinali molondola?

Macrocheira ayambe ndi chilembo chachikulu. Kaempferi ayambe ndi chaching'ono, ngakhale ndi dzina la munthu. M'mabuku akale mupeza K wamkulu, koma malamulo a lero sakulola. Mawu awiriwa alembedwe mopendeketsa pa kompyuta, kapena muwatseke mzere kunsi polemba pamanja. Dzina la Temminck, chaka, ndi mayina a banja ndi fuko sapendeketsedwa. Mukalitchula lonse kamodzi, m'ndime zotsatira mungathe kufupikitsa kuti M. kaempferi. Samalani ndi ae pambuyo pa k, ambiri amasiya a.

M'Chichewa tiitche chiyani?

Ilibe dzina la makolo, poti kwathu kuno siipezeka. Mukati nkhanu ya kangaude, womvera akhoza kuganiza kuti mwini wake ndi kangaude, kapena kuti ndi chamoyo chosakanizika, zomwe zitibwezera ku funso loyamba lija. Ife pano tatsata asodzi a ku Japan amene amakhala nayo, n'kumati nkhanu ya miyendo italiitali ya ku Japan. Polemba za kusukulu kapena nkhani ya m'nyuzi, ikani Macrocheira kaempferi pambali pake koyamba, kuti wofuna kufufuza apeze pogwira.